Kusunga magetsi a m'mudzi: zoyenera kutsata musanagule batire

Madzi a Lichenya, Ruo, Likhubula ndi Muloza amatsika m'phiri la Mulanje usiku wonse anthu ali m'tulo. Dzuwa nalo limawomba kwambiri masana, nthawi imene eni nyumba ali m'minda ya tiyi, kudimba kapena ku msika wa Limbuli. Koma aliyense amafuna magetsi nthawi imodzi, kuyambira dzuwa likamapendeka mpaka cha m'ma 9 koloko usiku. Ana amafuna kuwerenga, wa vidiyo sho akuonetsa mpira, wa golosale wayatsa filiji, mafoni onse ali pa tchaja. Ndiye magetsi amatayika nthawi imene achuluka, n'kuperewera nthawi imene akufunika.

Malangizo awa ndi a komiti ya m'mudzi, ya sukulu, ya mpingo kapena kopaletivi imene ili kale ndi mapanelo a sola kapena makina aang'ono opukusa magetsi ndi madzi, kapena ikuganiza zokhala nawo. Mfundo yanga ndi yakuti batire ligulidwe kumapeto, zina zonse zitatheka. Makomiti ambiri amayambira pa batire, ndipo n'chifukwa chake pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mumapeza mapanelo akadali abwinobwino padenga koma mudzi uli mumdima.

Kusunga magetsi si nkhani yachilendonso kuno kwathu. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Golomoti, m'boma la Dedza, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, amapanga 20 MW (mawati 20 miliyoni) ndipo ali ndi mabatire osunga mayunitsi 10,000. Kuno ku Mulanje, anthu a kwa Bondo m'dera la T/A Mabuka amayatsa magetsi ochokera mu mtsinje wa Lichenya kudzera ku bungwe la MEGA, limene linabadwa ndi thandizo la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi Practical Action. Zimene zili m'munsimu ndi za ntchito yocheperapo kuposa pamenepo, ya mabanja makumi angapo.

Choyamba: kauntala wa mudzi wonse

Tengani kope, mugawane midzi kapena mizere ya nyumba, muyende khomo ndi khomo. Pa nyumba iliyonse lembani zinthu zitatu: chipangizo chimene chilipo, mawati ake, ndi maola amene chimayaka. Mawati amalembedwa pa chipangizocho, kumbuyo kapena kunsi, nambala yotsatana ndi chilembo cha W. Babu la LED la mawati 5 likayaka maola 4 ladya mawati 20 a pa ola. Wailesi yakanema ya mawati 60 ikayaka maola omwewo yadya 240. Mukafika 1,000, imeneyo ndi yuniti imodzi, yofanana ndendende ndi yuniti imene a m'tauni amagula ku ESCOM.

Pofunsa, dziwani kuti anthu adzakuuzani zimene ali nazo lero, osati zimene adzagule magetsi akakhala odalirika. Mayi amene lero akuti akufuna mababu awiri okha, mwana wawo wa ku Joni akadzamva kuti kumudzi kwafika magetsi adzatumiza filiji. Choncho funsaninso kuti, "Nanga chaka chamawa mukulingalira zogula chiyani?" ndipo onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi pa chiwerengero chonse.

Simbi yositira, ketulo ndi mbaula yamagetsi muzilembe pa tsamba lapadera. Chilichonse mwa izi chimadya mawati 1,000 kapena kuposa, kutanthauza kuti ketulo imodzi ikufanana ndi mababu 200. Nkhani ya zipangizo zimenezi idzafunika msonkhano wakewake.

Mukamaliza, musangophatikiza zonse pamodzi. Gawani tsiku m'zigawo: m'mawa, masana, madzulo, usiku. Chigawo cha madzulo ndicho chimene chidzakuuzeni kukula kwa batire.

Chachiwiri: yezani gwero lanu pa nyengo yake yoipa

Wogulitsa adzakuwerengerani za tsiku labwino. Inu werengerani za mwezi woipa, ndipo kuno mwezi woipa wa dzuwa ndi wosiyana ndi mwezi woipa wa madzi.

A sola, mdani wanu ndi chiperoni. Kuyambira May mpaka August, nkhungu ndi mvula yowaza yochokera ku Mozambique imatha kuphimba Mulanje ndi Thyolo masiku angapo otsatizana. Mitambo ikachindikala, mapanelo amapereka gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake, mwinanso kucheperapo. Katswiri wozolowera ku Nchalo kapena ku Mangochi akakuwerengerani ngati ali kwawo, mudzalira mu June. Muuzeni awerengere za chiperoni. Nthawi zambiri kuwonjezera mapanelo n'kotchipa kuposa kuwonjezera mabatire. Mapanelowo ayang'ane kumpoto, atapendekeka madigiri pakati pa 15 ndi 20, kutali ndi mthunzi wa mibulugamu ndi mipeyala.

A madzi, mwezi wanu woyezera ndi October kapena kumayambiriro kwa November, mvula isanayambe. Pa kamtsinje kakang'ono, tsekerani madzi onse kuti adutse mu paipi imodzi, tcherani ndowa ya malita 20, wina awerenge masekondi pa foni. Ikadzaza m'masekondi 2, ndiye kuti mukupeza malita 10 pa sekondi. Chitani kangapo, masiku osiyanasiyana. Kenaka pezani kutalika kwa potsetsereka, kuchokera pamene madzi adzalowere mu paipi kufika pamene padzakhale makina. Njira yachidule ndi iyi: malita pa sekondi, kuchulukitsa ndi mamita a kutsetsereka, kuchulukitsanso ndi 5, yankho lake ndi mawati amene mungayembekezere. Malita 10 otsika mamita 60 akupatsani mawati pafupifupi 3,000.

Onani mmene ziwirizi zimasinthanirana. Miyezi ya chiperoni mitsinje imakhala idakali ndi madzi, ndipo mu October mitsinje ikaphwa dzuwa limakhala likuswa mtengo. Mudzi umene ungathe kuphatikiza makina a madzi ndi mapanelo ochepa sufuna batire lalikulu.

Chachitatu: sunthani ntchito zikuluzikulu, mugwirizane nthawi

Apa sipafunika ndalama, pamangofunika kumvana, ndipo pamapulumutsa ndalama zambiri kuposa pena paliponse. Chigayo, makina owotcherera zitsulo, makina opala matabwa ndi pampu ya madzi zisayake madzulo. Mota ya chigayo ikamadzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imadya ikakhazikika, ndipo kukoka kumeneko kumatha kuzimitsa inveta (makina osintha magetsi a m'batire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba), mudzi wonse n'kuchita mdima. Ngati ndi sola, chigayo chigaye kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Ngati ndi madzi, chitha kuyamba m'bandakucha, nthawi imene amayi ambiri amakonda kale kupita kuchigayo.

Itanani a bizinesi amenewa paokha msonkhano waukulu usanachitike. Auzeni kuti yuniti ya masana idzakhala yotsika mtengo kuposa ya madzulo. Munthu wa bizinesi akaona phindu amasintha yekha nthawi, safuna kuthamangitsidwa ndi komiti.

Chachinayi: sungani mphamvu m'madzi musanaisunge m'batire

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ambiri salingalirapo.

Ife a ku Mulanje timawadziwa matanki a mipope ya madzi ochokera m'phiri. Usiku anthu sakutunga, thanki imadzaza. M'mawa pa mpope pakakhala mzere, thanki ija ndi imene imapirira. Magetsi otsala angathe kugwira ntchito mwanjira yomweyo, ndipo thanki siitha msanga ngati batire.

Ngati muli ndi pampu ya pa chitsime kapena ya mthirira, ikani thanki ya malita 5,000 kapena 10,000 pamalo okwera. Pampu izipopa nthawi imene magetsi achuluka, madzi azitsika okha nthawi imene akufunika. Palibe chifukwa chogulira batire loti liyendetse pampu usiku.

Njira ina ndi madzi otentha. Makina aang'ono ambiri opukusa magetsi ndi madzi amayenera kupeza kotaya mphamvu imene palibe akuigwiritsa ntchito, apo ayi amathamanga mopitirira muyeso n'kuwonongeka. Mphamvu yotsalayo imapita ku zitsulo zotenthetsa zimene zimangowotcha mpweya kapena madzi a mu ngalande. Uzani katswiri wanu kuti zitsulo zimenezo zilowe mu thanki yokutidwa bwino. Kutenthetsa malita 200 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumasunga mayunitsi oposa 9. Amenewo ndi madzi osamba a amayi a ku chipinda cha uchembere, kapena otsukira zigubu za mkaka, popanda kudula mtengo m'phiri.

Kuzizira nakonso kumasungika. Filiji yotsegulira pamwamba imene yaumitsa mabotolo a madzi masana onse imakhalabe yozizira usiku ngakhale itazimitsidwa maola angapo, bola isatsegulidwetsegulidwe. Magulu a alimi a ng'ombe za mkaka a ku Bvumbwe ndi madera ena a Thyolo, amene mkaka wawo wa madzulo umafuna kuzizira mpaka m'mawa, afunse za matanki oziziritsa amene amaundanitsa madzi masana n'kuwagwiritsa ntchito usiku. Filiji ya katemera yokha musaiyese nzeru zanu. A zaumoyo ali ndi malamulo ake, ndipo alipo mafiliji a sola opangidwira ntchito imeneyo amene safuna batire.

Ena amafunsa kuti bwanji osapopera madzi kumtunda masana, madzulo n'kuwatsitsa kuti apukuse magetsi? Maiko ena amachita zimenezo ndi madamu akuluakulu. Pamudzi masamu ake amakana. Malita 1,000 otsika mamita 100 safika n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo atatu a yuniti. Chimene chimatheka ndi kukulitsa dziwe la pamwamba pa paipi ya makina amene alipo kale, kuti madzi a usiku azisonkhana n'kuthandiza madzulo.

Chachisanu: tsopano werengerani batire

Tiyerekeze mudzi wa mabanja 60. Banja lililonse likudya gawo limodzi mwa magawo anayi a yuniti madzulo, onse pamodzi mayunitsi 15. Magolosale, ometa ndi vidiyo sho akudya 3, chipatala chaching'ono ndi mababu a pa sukulu 2. Zonse ndi mayunitsi 20 pa maola anayi. Manambala awa ndi ongophunzitsira, anu adzachokera m'kope lija.

Ngati gwero ndi sola yokha, mayunitsi 20 onsewo achokera m'batire. Onjezerani 2 amene amatayika mu inveta, akhala 22. Koma batire silikhuthulidwa lonse. La lithiyamu, la mtundu wolembedwa LiFePO4, mumatapamo magawo 8 mwa 10, ndiye mufuna losunga mayunitsi pafupifupi 28: mabokosi 6 a mayunitsi 5 lililonse. La mtovu, lija lofanana ndi la galimoto, mumatapamo theka lokha, ndiye mufuna mayunitsi 44. Batire la mtovu lolembedwa 12V 200Ah limasunga mayunitsi 2.4, choncho mufuna 20, olumikizidwa anayianayi kuti apereke 48V. Lililonse limalemera pafupifupi makilogalamu 60.

Tsono onani kusiyana kwake ngati mudzi womwewo uli ndi makina a madzi a mawati 3,000. Pa maola anayi a madzulo makinawo apereka okha mayunitsi 12. Batire lingotseka 8 otsalawo, ndipo mabokosi atatu a lithiyamu akwanira bwino. Usiku anthu akagona, makina aja alidzazanso kusanache.

Nanga mugule liti? La mtovu ndi lotsika mtengo pogula ndipo amisiri ambiri amalidziwa, koma likamakhuthulidwa tsiku ndi tsiku limatha m'zaka ziwiri mpaka zisanu, ndipo chimene chimalipha msanga ndi kukhala masiku angapo osadzaza, zimene chiperoni chimachita chaka chilichonse. La LiFePO4 limadula koma limapirira kudzaza ndi kukhuthula maulendo masauzande angapo, ndipo silidandaula likagona losadzaza. Kwa ine, komiti imene ingakwanitse igule la lithiyamu, ngakhale litakhala laling'ono kuposa mmene imafunira, bola likhale la mtundu wolola kuwonjezera bokosi lina patsogolo. Batire lenileni la galimoto musaliganizire n'komwe: linapangidwa kuti lilize injini kwa masekondi ochepa. Komanso musasakanize mabatire a mtovu atsopano ndi akale, akalewo amafooketsa anzawo.

Pogula, pezani makotesheni atatu. Aliyense alembe dzina la batire, mayunitsi ake, zaka za chitsimikizo, ndi dzina la amene adzabwere zinthu zikavuta. Chitsimikizo cha pakamwa musachilandire. Pamsika pali mabatire opepuka modabwitsa olembedwa manambala akuluakulu. La mtovu la 200Ah limene mnyamata mmodzi akulinyamula mosavuta, musiyeni nalo mwini wake.

Chachisanu ndi chimodzi: zilolezo

Yambani ndi a mfumu ndi a gulupu, kenaka makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, kuti nkhani ikafike ku khonsolo ya boma. Malo omangapo nyumba ya mabatire alembedwe pa pepala, mboni zisaine, ngakhale wopereka malowo ali mkulu wa mpingo wodalirika. Amene adzavute ndi adzukulu ake. Gulu lanu lilembetsedwe, kaya ngati kopaletivi kaya ngati bungwe, kuti litsegule akaunti ku banki. Musanayambe kugulitsa magetsi kaonaneni ndi a MERA, bungwe la boma loyang'anira zamagetsi, ndipo wolumikiza mawaya akhale wovomerezeka ndi iwo. Opatutsa madzi a mu mtsinje afunika chilolezo cha bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, ndipo ngati ngalande ikuyambira m'nkhalango yotetezedwa ya phiri, a dipatimenti ya zankhalango ayenera kudziwa. Funsaninso ku khonsolo ngati dera lanu lili pa ndandanda wa MAREP, pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, kuti mugule inveta yotha kugwira ntchito limodzi ndi magetsi a ESCOM akadzafika.

Chachisanu ndi chiwiri: nyumba ya mabatire

Aliyense wa kuno akukumbukira March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'mapiri, mitsinje n'kusiya njira zake. Nyumba ya mabatire isamangidwe m'khwawa, m'mphepete mwa mtsinje kapena kunsi kwa malo otsetsereka opanda mitengo, ngakhale kutero kukanafupikitsa mawaya. Funsani achikulire pamene madzi sanafikepo. Mabatire akhale pa chikweza cha simenti kapena pa mashelefu achitsulo, osati pansi.

Kutentha kumadya batire. La mtovu limafuna madigiri a m'ma 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wake umadulidwa pakati. Kachipinda ka malata kopanda siling'i mu October ndi ng'anjo. Mangani ndi njerwa, ikani siling'i, siyani mipata ya mpweya m'munsi ndi m'mwamba, muitchinge ndi sefa wachitsulo kuti makoswe, njoka ndi mavu zisalowe. Mabatire a mtovu amatulutsa mpweya woyaka akamadzaza, choncho fodya, kandulo ndi mbaula zisayandikire. Chipinda chimenechi si chosungiramo feteleza, petulo kapena mipando ya komiti.

Mphenzi kuno si zosowa. Onetsetsani kuti katswiri wakhomera ndodo zamkuwa pansi ndipo waika zotetezera ku mphenzi ku mbali ya mapanelo ndi ku mbali ya mawaya opita m'mudzi. Pakati pa batire ndi inveta pakhale fyuzi ndi switchi yaikulu imene aliyense wa mu komiti akudziwa kuzimitsa kwake. Chozimitsira moto chipachikidwe panja pa chitseko. Chitsekocho chikhale chachitsulo, ndipo mlonda azilandira malipiro ake mwezi ndi mwezi.

Chachisanu ndi chitatu: ndalama ya batire lotsatira

Tsiku limene batire layamba kugwira ntchito, layambanso kutha. Amene anakuthandizani kugula loyamba, kaya ndi bungwe kaya ndi mpingo wa kunja, sadzabweranso kudzagula lachiwiri. Tengani mtengo wa batire, gawani ndi miyezi imene mukuyembekezera kuti likhala, ndipo mukhale ouma mtima powerengera: zaka 3 za mtovu, zaka 8 za lithiyamu. Ndalama imeneyo izilowa mu akaunti yakeyake mwezi uliwonse, yosainira anthu atatu, yosabwereketsa. Pa maliro, pa chinkhoswe, pa mpira wa achinyamata, yankho likhale limodzi.

Batire limachokera kunja, ndipo mtengo wake umayenda ndi dola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Gulu limene linkasunga motengera mtengo wakale linadzuka ndalama yake itachepa mphamvu. Choncho chaka chilichonse funsani mtengo watsopano, musinthe zopereka. Ngati batire lanu ndi lolola kuwonjezera, ndalama ikakwana bokosi limodzi funsani katswiri, mugule, m'malo moisiya igone ku banki.

Mamita olipiriratu, olipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, amachotsa mkangano waukulu, chifukwa msungichuma sayendanso m'makomo kukumbutsa apongozi ake ngongole. Ngati simungakwanitse mamita, ikani pa nyumba iliyonse kachipangizo kodula magetsi munthu akapyola mawati amene analipira. Akalumikiza mbaula, nyumba yake yokha ndi imene izime.

Gwirizananinso poyera, zilembedwe, za amene adzayambe kudulidwa batire likatsika pa masiku a chiperoni. Mawaya a kuchipatala akhale paokha kuti azizima pomaliza. A vidiyo sho ndi ometa adziwiretu kuti oyamba ndi iwo.

Kusamalira kwa tsiku ndi tsiku

Sankhani achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, aphunzire kwa katswiri pamene akulumikiza. Akhale awiri chifukwa mmodzi atha kupita ku Blantyre kukafuna ntchito. Ngati mungathe, atumizeni ku maphunziro a zamagetsi a TEVETA. Ntchito yawo ndi kulemba m'kope, m'mawa ndi dzuwa likamalowa, peresenti imene batire likuonetsa. Kope limeneli ndi limene lidzakuchenjezeni: ngati kale batire linkadzuka pa 50 ndipo tsopano likudzuka pa 25 nyengo isanasinthe, mwina wina walumikiza mozemba, mwina mapanelo ada, mwina batire layamba kufooka.

Mapanelo atsukidwe ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa m'mamawa asanatenthe, makamaka miyezi ya fumbi ndi utsi wa moto wolusa. A makina a madzi azichotsa masamba pa sefa tsiku lililonse, ndi mchenga m'dziwe mvula yamphamvu ikagwa. Mabatire a mtovu okhala ndi zitsekerero aziwonedwa kamodzi pa mwezi. Madzi akatsika thiranimo madzi a batire ogula, osati a pa mpope kapena a pa mjigo, ndipo asidi musawonjezere. Wogwira ntchitoyi avule wotchi ndi mphete, avale magolovesi ndi magalasi, sipanala yake ikhale yokulungidwa ndi tepi.

Batire likatha, lisaswedwe pamudzi. Mtovu ndi poizoni amene amawononga ubongo wa ana, ndipo asidi wake akatayidwa pansi amatsikira ku zitsime. La lithiyamu likabooledwa kapena kuponyedwa pa moto limatha kuyaka. Lembani mu mgwirizano wogulira kuti wogulitsa adzatenga akale pobweretsa atsopano, ndipo podikira tsikulo akhale m'chipinda chomwecho, pamalo ouma, mitu yake itakutidwa ndi tepi.